Banga loyera pa papo la azakhali

M'banja limene munadutsapo khansa, chifuwa chimasiya kukhala chifuwa wamba. Wina akangotsokomola kawiri usiku, nyumba yonse imatchera khutu. Kwathu zili chonchi chifukwa cha azakhali anga, alongo awo a bambo, amene amakhala ku Area 25 ndipo amagulitsa mtedza ndi nsinjiro pa msika wa Nsungwi. Zaka zingapo zapitazo anawachotsa bere lakumanzere, analandira chemo mpaka tsitsi lonse linathothoka, kenako anawaika pa tamoxifen, piritsi limodzi tsiku lililonse lothandiza kuti khansa isabwerere. Nthawi imeneyo wofunika radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi cheza, ankayenera kutuluka kunja kwa dziko, ndipo iwo sanapiteko. Anachira, thupi linabwerera, nawonso anabwerera pa benchi lawo kumsika.

Koma azakhali ali ndi nthenda ina imene inayamba kalekale khansa isanabwere: mphumu. Akhala nayo kuyambira ali namwali ku Mchinji, moti ife tinasiya kuiwerengera ngati matenda. Kukazizira mu June, kapena mu September ndi October pamene Lilongwe imangokhala fumbi lokhalokha, uku anthu akutentha tchire ndi zinyalala, uku kamvuluvulu akunyamula dothi la m'misewu kukalithira m'nyumba, timadziwa kuti azakhali agona chokhala, atatsamira mapilo, inhela yabuluu ili m'manja.

Chaka chatha mphumuyo inasintha khalidwe. Chifuwa sichinkatha. Madzulo thupi linkafunda, chakudya chinasiya kukoma, ndipo anayamba kuonda. Inhela imene inkawatengera miyezi iwiri inayamba kutha mwezi usanathe. Pa chipatala china anawajambula X-ray, chithunzi n'kutuluka ndi banga loyera kumtunda kwa papo lakumanja.

Tsiku lomwelo gulu lathu la WhatsApp linagawika pawiri. Ena anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo sindingawadzudzule. Banga kumtunda kwa papo, kutentha thupi madzulo, kuonda: Mmalawi aliyense amene anadwazikapo amaziloweza zizindikiro zimenezi. Makhololo anayezedwa pa GeneXpert, makina aja amene WHO inawavomereza mu 2010, ndipo TB sinapezeke, koma mbali iyi sinagonje. Ankati makina amaphonya, angoyamba mankhwala basi, akakhala kuti si TB sataya kanthu. Enawo sankalankhula zambiri, ankangotumiza mavesi, ndipo aliyense ankadziwa chimene akuganiza. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndi amene anatulutsa mawuwo poyera. Anati khansa yabwerera, tisataye nthawi, tigulitse puloti ya ku Area 49 azakhali akajambulidwe PET-CT.

Ine ndimaphunzitsa Biology ku sekondale, ndiye kwathu amanditenga ngati theka la dokotala. Si zoona, koma zinachititsa kuti woperekeza azakhali ndikhale ine, komanso kuti usiku ndizikhala pa foni kuwerenga mpaka maso kuwawa.

Choyamba chimene ndinafuna kumvetsa ndi chakuti chithunzicho chimaona chiyani kwenikweni. X-ray sinasinthe maziko ake kuchokera pamene Wilhelm Röntgen anaitulukira mu 1895. Cheza chake chimadutsa mosavuta mu mpweya, n'chifukwa chake papo labwino limaoneka lakuda. Chilichonse cholemera kuposa mpweya chimatchinga cheza n'kuoneka choyera: fupa, madzi, mafinya, makhololo, chipsera chakale, chotupa. Filimu siidziwa kusiyanitsa zimenezi. Chinanso, zonse za kutsogolo ndi za kumsana zimasanjikizana pa chithunzi chimodzi, ndipo kachotupa kosakwana sentimita imodzi kamatha kubisala osaoneka n'komwe.

CT, imene Godfrey Hounsfield anajambulira wodwala woyamba ku London mu 1971, inathetsa vuto la kusanjikizanalo. Imajambula thupi m'magawo opyapyala, imaona tinthu ta mamilimita ochepa, ndipo imaonetsa maonekedwe a chinthucho: ngati n'chobulungira, ngati chili ndi mphako, ngati chakhala m'kati mwa njira ya mpweya kapena kunja kwake. Zimenezi zimathandiza kwambiri, koma ndi maonekedwe basi.

PET-CT, imene achimwene ankaikhulupirira ngati woweruza wamkulu, imayenda njira ina. M'zaka za m'ma 1920, Otto Warburg wa ku Germany anaona kuti maselo a khansa amadya shuga mwadyera kuposa maselo abwinobwino. Ndiye wodwala amamubaya shuga wapadera wotchedwa FDG, amene ali ndi fluorine-18 wotulutsa cheza, ndipo paliponse pamene shugayo waunjikana pamawala pa chithunzi. Mphamvu ya fluorine ameneyu imatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, choncho sungamusunge m'kabati, ayenera kupangidwa pafupi ndi kugwiritsidwa ntchito tsiku lomwelo. N'chifukwa chake makinawa si ongogula n'kuika m'chipinda, ndipo anthu a kuno akawafuna amakwera ndege kupita ku India kapena ku South Africa. Pofufuza ngati khansa yabwerera kapena yafalikira, ndi makina amphamvu zedi. Koma ali ndi chilema chimodzi chimene chimatikhudza ife kuposa anthu a ku Ulaya: maselo oyera a m'magazi akakhala pa nkhondo nawonso amadya shuga kwambiri. TB imawala. Chibayo chimawala. Bala la opaleshoni limene silinapole limawala. Kunena kwina, puloti ikanatha kupita, azakhali n'kubwerako ndi funso lomwe lija, kungoti tsopano lili ndi mitundu yokongola.

Chimene chimadula mlandu ndi kutenga kachidutswa ka mnofu pamalopo n'kukaunika pa maikulosikopu. Ku Kamuzu Central labu yochita zimenezi ilipo, inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi UNC Project, ya yunivesite ya North Carolina ku America. Koma kulowetsa singano kapena kachubu m'papo si nkhani yamasewera, ndiye dokotala wanzeru amayamba wafunsa ngati palibe njira yofupikirapo.

Dokotala amene tinakumana naye kenako anali mayi wachitsikana, wolankhula pang'onopang'ono. Anayang'ana X-ray ija kanthawi, n'kufunsa funso limene palibe anali atafunsapo.

"Mayi, zithunzi zanu zakale muli nazo?"

"Zonse, adokotala. Sinditaya pepala la kuchipatala ine."

N'zoonadi. Azakhali amasunga chilichonse mu jumbo yakuda pansi pa sutikesi: mabuku a kuchipatala atatu omangidwa ndi mphira, malisiti ofufutika, ndi maenvulopu aakulu a X-ray opindika m'makona. Titabwera nazo, dokotala anazipachika pa bolodi lowala motsatana ndi zaka. Pa chithunzi cha zaka ziwiri m'mbuyomo panali banga, koma kumunsi kwa papo lakumanzere. Pa chotsatira chake bangalo kunalibe, ngakhale panalibe amene analipatsa mankhwala a khansa kapena a TB. Tsopano lina linali litatulukira kumanja.

"Khansa siyendayenda chonchi, mayi," anatero. "Ikakhala pamalo imakhala, ndipo imakula. Ichi chikubwera n'kupita."

Kenako anatsegula mabuku aja n'kumayendetsa chala pa zotsatira za magazi za zaka zosiyanasiyana. Mzere umodzi unali wokwera pafupifupi paliponse: ma eosinophil, mtundu wina wa maselo oyera a m'magazi.

Kuno kwathu mzere umenewu ukakwera, choyamba kuganizira ndi njoka za m'mimba kapena likodzo, ndipo dokotala anayamba ndi zomwezo. Anayeza chimbudzi ndi mkodzo, sanapeze kanthu, komabe anawapatsa mankhwala a njoka. Kugwirizana kwa njoka za m'mimba ndi mphumu kumadabwitsa ukangokumva koyamba, koma ndi pamene pagona nkhani yonse.

Chifukwa cha HIV, Amalawi ambiri timadziwa za asilikali a m'thupi ndi CD4. Chimene sitimva kawirikawiri n'chakuti ma CD4 si gulu limodzi. Mu 1986, Tim Mosmann ndi Robert Coffman anaonetsa kuti alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. A Th1 amalimbana ndi tizilombo tobisala m'kati mwa maselo, monga ka TB. A Th2 ntchito yawo ndi adani aakulu oti selo silingawameze, monga njoka za m'mimba. Mdani wotere sumupha ndi kumudya, umamuthamangitsa. Ndiye a Th2 amatumiza mauthenga atatu odziwika. IL-4 imauza maselo ena kuti apange chitetezo chamtundu wa IgE. IL-5 imaitana ma eosinophil kuchokera m'mafuta a m'mafupa, ndipo awa amanyamula poizoni wowotcha khungu la njoka. IL-13 imachulukitsa mamina ndi kuchititsa minofu kuti izifinya msanga. M'matumbo zimenezi ndi nzeru zenizeni: finya, tereretsa, tulutsa. Koma nkhondo yomweyo ikachitikira m'timachubu ta mpweya, kufinya kuja ndiye kubanika, mamina aja ndiye makhololo otseka njira, ndipo poizoni uja amawotcha papo la mwiniwake.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mdaniyo nthawi zambiri si mdani. Ndi mungu wa udzu, ndowe za tinthata tosaoneka tokhala m'matiresi ndi m'mabulangete, zotsalira za mphemvu, ubweya wa mphaka. Zili ngati anyamata olondera m'dera usiku amene agwira bambo atanyamula TV yake yomwe kuchokera kokonzetsa, n'kumumenya mpaka kuswa ndi TV yomwe, mawa lake n'kumanyadira kuti agwira ntchito. Utsi wa mbaula, fumbi ndi mphepo yozizira sizichita kufuna IgE, zimangopsereza njira zimene zatupa kale.

IgE inatulukiridwa m'zaka za m'ma 1960 ndi magulu awiri osiyana: Kimishige Ishizaka ndi mkazi wake Teruko ku Denver, komanso Gunnar Johansson ndi Hans Bennich ku Uppsala. M'magazi imakhalamo yochepa kwambiri, chifukwa yambiri imakakamira pa maselo otchedwa mast, amene Paul Ehrlich anawafotokoza mu 1878. Maselo amenewa amakhala m'mbali mwa njira za mpweya atadzaza histamine, mankhwala a m'thupi otupitsa ndi kufinyitsa njirazo. Chinthu chimene thupi linachilemba kale kuti ndi mdani chikangofika, amaphulika, ndipo m'mphindi zochepa munthu wayamba kulira m'chifuwa. Izi zimatha kuzizira pakapita ola limodzi kapena awiri. Koma pakadutsa maola angapo pamabwera funde lachiwiri, pamene ma eosinophil oitanidwa aja afika, ndipo ili ndi limene limatupitsa njira kwa masiku. Onjezani kuti cortisol, amene thupi limapanga lokha kuti aziziritsa kutupa, amatsika usiku. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake azakhali ankapeta mtedza masana ali bwinobwino, n'kudzabanika tambala woyamba asanalire. Iwo ankanamizira chisanu cha usiku, ndipo agogo, akali moyo, ankanamizira anthu ena a m'mudzi.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani ya mainhela imandipweteka. Yabuluu ija, salbutamol, imangomasula minofu yofinya. Munthu amamva kupepuka nthawi yomweyo, ndiye amaikonda. Koma kutupa kwa m'kati siikukhudza. Yabulauni, beclomethasone, ndi imene imatontholetsa a Th2 ndi ma eosinophil, kungoti imagwira mwakachetechete, patapita masiku, ndipo iyenera kupoperedwa tsiku lililonse ngakhale munthu ali bwino. Azakhali anaipatsidwapo, anaipopera ali pakati pobanika, sanamve kusintha, n'kuiponya m'dirowa kuti ndi yabodza. Palibe anakhala nawo pansi kuwafotokozera kusiyana kwake. Mu 2019 bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a mphumu pa dziko lonse, linasiya kulimbikitsa kuti akuluakulu azidalira yabuluu yokha. Chaka chomwecho, malinga ndi WHO, anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka. Koma pitani mukafunse anthu a mphumu m'dera lanu kuti ali ndi iti m'thumba. Ine ndikuona kuti mphumu kuno timaisamala ngati ngozi, pomwe ndi nthenda ya tsiku ndi tsiku ngati BP. Ngakhale kapoperedwe komwe ambiri sitidziwa, mankhwala amathera pa lilime. Ku Cape Town, Heather Zar ndi anzake anaonetsa mu 1999, pa ana a mphumu, kuti botolo la pulasitiki la 500 ml, ukaliboola kumunsi n'kulowetsamo inhela, limafikitsa mankhwala m'mapapo mofanana ndi chipangizo chogula. Namwino wina anatipangira pomwepo ndi botolo la madzi, ndipo azakhali akuligwiritsabe ntchito.

Tibwerere ku banga lija. Mphumu wamba siionetsa mabanga pa X-ray. Dokotala ankaganizira chinthu china, ndipo anapempha ziwiri: CT ya pachifuwa, ndi kuyeza kuchuluka kwa IgE m'magazi. Zonsezi zinafuna ndalama, magazi anachita kutumizidwa kunja kudzera pa labu ina yolipira, ndipo banja linasonkherana. Panali kung'ung'udza ndithu, koma ndalamayo sinafike ngakhale pafupi ndi mtengo wa puloti.

Tsiku loona zotsatira anatembenuza kompyuta kuti nafenso tione. Ankayendetsa kagudumu ka mausi, magawo a chifuwa cha azakhali n'kumadutsa limodzi limodzi, mapapo akuda, mtima wotuwa pakati, mbali ya kumanzere yophwatalala pamene panali bere. Atafika kumtunda kumanja anaima. Chimene pa X-ray chinkaoneka ngati banga limodzi, apa chinali timizere titatu tonenepa, toyera, tochokera pamodzi n'kutambasuka, ndipo madokotala amati chizindikiro chimenechi ndi cha zala m'gulovu. Anatisonyeza kuti timizereto tikutsata ndendende njira za mpweya, ndipo njirazo zatanuka kuposa mitsempha ya magazi yoyandikana nazo. Sichinali chotupa chomera mu mnofu wa papo. Anali makhololo ouma gwa, atadzaza m'machubu otanuka.

"Mayi, munayamba mwatsokomolapo tinthu tolimba, tabulauni?"

Azakhali anandiyang'ana kaye, ngati akuchita manyazi. "Timatuluka nthawi zina m'mawa. Ndimangoti ndi fumbi la mtedza."

IgE inabwera yokwera kwambiri, itapitirira 1,000, ndipo mbali ina ya zotsatirazo inaonetsa kuti thupi lawo likulimbana ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus fumigatus. Nthenda imeneyi, ya mapapo kulimbana mopyola muyeso ndi nkhunguyi, amaitchula mwachidule kuti ABPA, ndipo madokotala a ku Britain, Hinson ndi anzake, anaifotokoza koyamba mu 1952. Njere za nkhunguyi n'zazing'ono kwambiri, zimauluka paliponse, ndipo tonsefe timazipuma tsiku lililonse popanda vuto. Zimachuluka pamene pali zomera zowola, manyowa, ndi mbewu zosungidwa ndi chinyezi. Mwa anthu ena a mphumu njerezi zimakodwa m'makhololo n'kumera momwemo. Sizilowa mu mnofu, koma thupi limaziona tsiku ndi tsiku, ndiye nkhondo ya a Th2 siitha. Ma eosinophil amafera pomwepo miyandamiyanda, makhololo amalimba, chubu chimatsekeka, mbali ya papo imafota, ndipo X-ray imaonetsa banga. Chotsekacho chikatuluka banga limatha, lina n'kudzayamba kwina. Zikapitirira zaka osathandizidwa, machubu amatanukiratu ndipo sabwereranso. Ku India, kumene nthendayi yafufuzidwa kwambiri makamaka mumzinda wa Chandigarh, apeza kuti odwala ambiri amakhala atamwa kale mankhwala a TB asanadziwike chimene chikuwavuta.

Nditamva za mbewu zachinyezi ndinakumbukira khonde la kuseri kwa nyumba ya azakhali. Mtedza amakaupikula ku Mchinji uli m'makoko, matumba n'kuwaunjika m'kachipinda kopanda windo. Madzulo amawaza madzi pa mulu woti uswedwe mawa, kuti makoko afewe zala zisapweteke, n'kuufunditsa chiguduli. M'mawa amakhala pa mkeka miyendo ili tambasu, lichero pamiyendo, n'kumaswa. Akatha amapeta, kafumbi kobiriwira mwakuda n'kumakwera m'mwamba kudutsa pankhope pawo. Njere zonyala ndi zachuku amaziika m'beseni lapadera. Alangizi a zaulimi akhala akuletsa kuwaza madzi kumeneku chifukwa cha chuku, poizoni wake aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo amene amapanga poizoniyo ndi Aspergillus flavus, m'bale wake wa nkhungu imene ikuvutitsa azakhali. Ife tinkadera nkhawa odya mtedzawo, osaganizako za mapapo a woswa.

Mankhwala a ABPA ndi prednisolone, mapiritsi oziziritsa kutupa, kwa miyezi ingapo, kuyamba ndi mlingo wokwera n'kumatsitsa pang'onopang'ono, ndipo ena amawawonjezera itraconazole wopha nkhungu. Apa m'pamene ndinaona kuopsa kwa maganizo aja akuti tingoyesa, sititaya kanthu. Prednisolone amafooketsa chitetezo chonse, osati a Th2 okha, ndiye ukampatsa munthu amene ali ndi TB yobisala wathira petulo pamoto. N'chifukwa chake dokotala anayezetsanso makhololo asanalembe mankhwala. Mbali inayo, rifampicin wa m'mankhwala a TB amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena msangamsanga, ndipo tamoxifen ali m'gulu lomwelo. Miyezi 6 ya mankhwala a TB osafunika ikanachepetsa chitetezo chawo ku khansa yeniyeniyo, mphumu ikupitirira kuwononga machubu.

Dokotala sanatilonjeze kanthu. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha: amwe mankhwala, pakatha milungu 6 ajambulidwenso, ndipo banga likakhala lilipobe kapena lakula, ndiye kuti akatenga kachidutswa popanda kukambirananso, chifukwa chotupa chimathanso kutseka chubu makhololo n'kuunjikana kuseri kwake. Milungu imeneyo inali yaitali. Prednisolone anawatupitsa nkhope, tulo tinasowa, njala inkawapweteka ngati sanadye chiyambire dzulo, ndipo shuga anakwera mpaka anayamba kumuyeza sabata iliyonse. Koma kubanika kwa usiku kunatha sabata yachiwiri isanathe. Pa X-ray yotsatira, kumtunda kwa papo lakumanja kunali kwakuda.

Ndisanamizepo munthu pano. Azimayi ambiri amene anadwalapo khansa ya m'mawere akapezeka ndi banga m'papo, limakhaladi khansa. Nthendayi ikabwerera imakonda mafupa, mapapo, chiwindi ndi ubongo, ndipo mtundu umene umamva tamoxifen umatha kudzuka ngakhale patapita zaka 15 kapena 20. Mantha a achimwene sanali opusa. Chimene ndikukana ine ndi kuweruza ndi chithunzi chimodzi, osafunsa kuti munthuyu anali ndi chiyani kale, amagwira ntchito yanji, ndipo chithunzi cha chaka chatha chinkaoneka bwanji. Ngakhale kumayiko olemera vutoli lilipo mwa mtundu wina. Mankhwala atsopano odzutsa chitetezo kuti chimenyane ndi khansa, amene anapezetsa James Allison ndi Tasuku Honjo mphoto ya Nobel mu 2018, nthawi zina amachititsa chotupa kuoneka chachikulu pa sikani yoyamba, osati chifukwa chakula, koma chifukwa asilikali adzazamo.

Mkangano wina unabuka banga litatha. Achimwene anati kuyambira tsopano azakhali azijambulidwa CT miyezi itatu iliyonse, iwo azilipira. Dokotala anakana. Anati kwa mayi amene anamaliza chithandizo ndipo sakumva chachilendo, malangizo ndi kuonedwa ndi dokotala pa nthawi yake ndi kujambula bere lotsalalo pa mammogram kamodzi pachaka. Ndinakafufuza, n'kupeza kuti maziko ake ndi kafukufuku muwiri wa ku Italy amene anatuluka mu 1994. Azimayi ena ankawajambula mapapo ndi mafupa pafupipafupi, ena ankangowaona mwa nthawi zonse, ndipo pomaliza magulu awiriwa sanasiyane kutalika kwa moyo. Kuwonjezera apo, CT imodzi ya pachifuwa ili ndi cheza chofanana ndi ma X-ray pafupifupi 70, ndipo pa mapapo ngati a azakhali, odzaza zipsera ndi machubu otanuka, sikani iliyonse ingatulutse kenakake kotisowetsa tulo.

Mfundoyo ndikuimva, koma sindinaimeze yonse. Kafukufukuyo ndi wakale, anachitika mankhwala ambiri a masiku ano asanabwere, komanso m'dziko limene mayi akamva kupweteka msana sabata ino, sabata yamawa waonedwa. Mawu akuti "mubwere mukamva chachilendo" kuno amadalira ndalama ya minibasi, mzere wa kuchipatala, makina kukhala akugwira ntchito, ndiponso mtima wa azimayi athu wopirira ululu mpaka utafika posayenda. Ndiye tinagwirizana zapakati. CT ya miyezi itatu iliyonse ayi, koma dokotala analemba m'buku zizindikiro zoti asadikire nazo tsiku la sikelo yawo: kupweteka kwa fupa kosatha makamaka usiku, kabulu pa chipsera kapena m'khwapa, mutu wachilendo, chikasu m'maso, kuonda, ndi chifuwa chosamva inhela. Mwana wawo wamkazi anajambula tsambalo pa foni n'kuliika pa gulu la banja. IgE aziyeza nthawi ndi nthawi, chifukwa ABPA imabwerera, ndipo ikamabwerera nambalayo imakwera. Ndalama zimene achimwene amafuna kulipirira CT tinawapempha kuti azigulira inhela yabulauni, kuti isamadukize ikasowa ku chipatala. Anavomera, ngakhale mpaka lero amati tinachita mwayi chabe.

Nkhani imene sinathe ndi ya mtedza. Ana awo ankafuna asiyiretu geniyo. Azakhali anakana kwamtuwagalu.

"Aphunzitsi, inu mumalandira pakutha pa mwezi. Ine ndikasiya mtedza mundidyetsa mpaka liti?"

Zimene zinatheka ndi izi: kuwaza madzi analeka, matumba anawasamutsira pa mathabwa m'chipinda cholowa mphepo, ndipo kuswa ndi kupeta analemba mtsikana woti azichitira panja, kutali ndi khomo. Phindu latsika chifukwa mtsikanayo amalipidwa pa ndowa. Kumsika amavala masiki pothira nsinjiro m'timapepala, ndipo apa pabukanso vuto lina. Makasitomala ena akawaona ndi masiki, poti anamva kuti ankadwala chifuwa, amadutsa n'kukagula pa benchi loyandikana nalo. Sabata yatha anandiuza kuti akuganiza zomathira nsinjiroyo kunyumba m'mawa, kuti kumsika azikhala nkhope ili poyera.